Ngodya Yachinayi ya Mkeka wa Nei Baurina

Ku Onotoa, ukafuna kalasi ya aphunzitsi a Tiebane, usataye nthawi kusuzumira m'zipinda za sukulu. Upezamo mabenchi okhaokha ndi nkhuku ya eni ake ikuikira pansi pa tebulo. Pita kumchenga madzi akaphwera, kapena kuseri kwa maneaba, chinyumba chathu cha misonkhano chija, umva ana makumi atatu akukanganirana chingwe. Pamenepo ndiye pali masamu. Tiebane waphunzitsa kalasi sikisi zaka makumi atatu tsopano, ndipo theka la anthu amene lero akupalasa mabwato ndi kukwera mitengo ya kokonati kumudzi kwathu anadzera m'manja mwake.

Atangoyamba ntchito, mabuku a masamu ankabwera pa sitima kuchokera kutali, okongola, onunkhira bwino. Koma amene anawalemba, Mulungu awakhululukire, sanapondepo pa Onotoa. Pofuna kufotokoza mizere iwiri yoyenda limodzi osakumana, anajambula njanji. Njanji! Pa chilumba choti ukaima pakati umaona nyanja uku ndi uku. Mwana wina anafunsa ngati amenewo anali makwerero ogona pansi. Tiebane anatseka bukulo, natulutsa ana onse, nakawaonetsa mitanda iwiri ija yolumikiza bwato ndi chikuni chake choyandama pambali. Ana anangoti, "Aaa, zimenezi? Bwanji osangonena?"

Kuyambira tsiku limenelo masamu ake anakhala a m'manja. Ankatuma ana kukasadzula timitengo ta tsache m'masamba a kokonati, n'kudula papaya laliwisi tizidutswa tolumikizira. Apange cha mbali zinayi, achikankhe ndi chala: chapendama. Apange cha mbali zitatu, achikankhe: chakana. Akatero ankawalowetsa m'maneaba n'kuwauza kuti agone chagada ayang'ane denga, awerenge kuti za mbali zitatu zilipo zingati m'mitandamo.

"Agogo anu amene anamanga denga ili sankatha kulemba dzina lawo," ankatero. "Nanga inu, ndi mapensulo anu otafuna kumapetowo, mwamangapo chiyani?"

Tsiku la chozungulira, wamfupi kuposa onse ankaima pamchenga atagwira chingwe, waliwiro n'kuthamanga ndi nsonga inayo akukoka kamtengo pansi. Madzi akabwerera ankafufuta zonse, ndipo palibe ankadandaula, poti zinali zitalowa kale m'mitu. Makolo poyamba ankang'ung'udza kuti ana akungosewera. Mayeso atatuluka anatseka pakamwa.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanagome nazo, ndipo ameneyo anali mayi ake omubereka, Nei Baurina. Nei ndi mawu aulemu amene timaika kutsogolo kwa dzina la munthu wamkazi.

Kwathu kuno luso ndi chuma cha pamtundu. Munthu akhoza kukupatsa nsomba zonse zimene wagwira, ngakhale malaya amene wavala ukapempha bwino, koma sangakuuze pamene wazigwira nsombazo. Banja lililonse lili ndi chake: ena kalimidwe ka koko m'maenje, ena kasemedwe ka bwato, ena kuwongola mafupa. Sufunsa, ndipo ukapeza mnzako ali pa luso lake umayang'ana kumbali. Ngakhale mwana wobala wekha umamupatsa pang'onopang'ono, ndipo kachigawo komaliza umakasunga mpaka utamva m'thupi kuti masiku atha.

Cha Nei Baurina chinali maluko a mkeka otchedwa Njira ya Nkhanu. Mizere yakuda yokhotakhota inkachoka pakati pa mkeka kupita mbali zinayi, ndipo ukautembenuza mkekawo uku kapena uku, maonekedwe ake anali omwewo. Njirayo ikafika pangodya siinkaduka. Inkakhota n'kubwerera ngati palibe chachitika. Pangodyapo ndiye panali chinsinsi. Mkekawo unali wophatikiza, masamba a mtengo wa kaina pansi ndi pamwamba, ndipo mapindidwe ake ankabisala m'kati. Uyang'anitsitse mpaka maso atuluke misozi, suona kanthu.

Tiebane anali mwana wamkazi yekhayo, choncho zonsezi zinali zake kubadwa. Pakati pa mkeka anaphunzira ali ndi zaka khumi. M'mphepete anaphunzira atatha msinkhu. Koma mayi ake akafika pangodya ankatsitsa nsalu pa kanyumba kawo n'kumutuma kukadyetsa nkhumba.

"Amayi, nanga pangodya mundionetsa liti?" ankafunsa, ali kale mayi wa ana awiri.

"Ukufuna ndife mawa? Watopa nane?"

"Ayi, amayi, ndimangofunsa."

"Manja a choko awa aluka chiyani? Chisa cha khoswe? Tabwera undipese tsitsi, mwina pamenepo ungathe."

Ankatukwanizana choncho, akusekana, wina atakhala pakati pa miyendo ya mnzake. Tiebane sankafulumira. Ngodyayo inali yake, inkangomudikira.

Zinaonongeka m'chaka chake chakhumi ndi chiwiri pa ntchito, Lachiwiri lina losadziwika bwino. Mutu unali wa zinthu zimene ukazitembenuza zimaonekabe chimodzimodzi. Buku linajambula kachidutswa ka chipale chimene amati chimagwa kumwamba ku maiko ozizira. Masabata awiri ana anangomuyang'ana ngati nsomba zouma. Tiebane anakwiya, nabwera ndi mtolo wa masamba a kaina ong'amba kale, oyera ndi akuda, nakhazika ana pansi pa mtengo.

"Lero tiluka. Aliyense kamkeka kofanana ndi chikhatho. Nditsatireni. Atatu pamwamba, awiri pansi, limodzi pamwamba, bwererani."

Sanaganize. Manja anangoyenda okha, pakamwa n'kumawerenga zimene manja akuchita, ndipo manjawo ankadziwa kawerengedwe kamodzi kokha. Anadzidzimuka pamene kamkeka koyamba kanatha, kamtsikana kena katakakweza m'mwamba. Njira ya Nkhanu inali pamenepo, poyera, m'manja mwa mwana wa eni ake.

Apa ndiye sindimuikira kumbuyo. Akanatolera timikeka tonse n'kutiponya pamoto, nkhani ikanathera pomwepo. Iye mwini anadziwa. Koma nthawi yomweyo kamtsikana kaja kanatembenuza kamkeka kake, n'kukatembenuzanso, n'kukuwa kuti, "Aphunzitsi! N'chimodzimodzi! Kanayi konse n'chimodzimodzi!" Kalasi yonse inayamba kutembenuza ndi kukuwa. Ngakhale aja okhala kumbuyo, amene masamu ankawadutsa ngati mphepo, anali atamva. Pa zaka zake zonse Tiebane anali asanaonepo m'mawa wotero. Ana atapempha kuti akaonetse kunyumba, mtima unamugunda kamodzi, koma anati, "Tengani." Anadziuza kuti ndi tinthu ta ana, tithera m'makola a nkhumba.

Kamtsikana kokuwa kaja kanali kamdzukulu ka Nei Kamoia.

Nei Kamoia ndi Nei Baurina anakula limodzi, ndipo anapikisana pa chilichonse kuyambira ali atsikana: kuvina, kuimba kutchalitchi, kunenepa kwa nkhumba. Pa mikeka pokha Kamoia anali asanapambanepo. Patapita miyezi isanu kunali phwando la amayi a mpingo, ndipo monga mwa masiku onse aliyense anabwera ndi mkeka wake wabwino kudzayala m'maneaba. Nei Baurina anayala wawo, amayi n'kuwomba m'manja. Kenako Kamoia anadzuka pang'onopang'ono, namasula wake pambali pake penipeni.

Pa mkeka wa Kamoiawo panali Njira ya Nkhanu.

"Baurina mnzanga, taona," anatero Kamoia. "Nkhanu yako yasamuka. Masiku ano ikuyenda pakhomo panga."

"Wazitenga kuti zimenezi?"

"Kusukulu, mayi. Kalasi sikisi. Mdzukulu wanga anabwera nazo m'thumba la mabuku, pamodzi ndi minga ya nsomba. Ankati maphunziro ndi aulere, ife tinkayesa bodza."

Amayi ena anagwira pakamwa, ena analephera kudzigwira. Nei Baurina anawerama nagwira ngodya ya mkeka wa mnzawoyo. Inali yoduka, mizere yosakumana.

"Ngodya zako zili ngati mano a nkhalamba."

"Zisiye ngodya, mnzanga. Munthu amagona pakati."

Apo ndiye maneaba yonse inagwa ndi phwete. Tiebane anali chakumbuyo ndi aphunzitsi anzake, ndipo anaona mayi ake akupinda mkeka wawo mosafulumira, akuuika kukhwapa, akutuluka osayang'ana munthu. Pofika kunyumba anapeza utsi. Nei Baurina anali atatsitsa mikeka yawo yonse, ya zaka ndi zaka, ngakhale umene anasungira maliro awo, n'kuiunjika pa moto wa makoko a kokonati.

"Amayi! Amayi, chonde! Sindinawapatse zonse!"

"Zonse unalibe. Ukanakhala nazo ukanazilemba pabolodi."

"Sindinachitire dala. Ana sankamva, ndiye manja anangoyenda."

"Amayi anga anasunga zimenezi m'chilala, anthu akudya mizu. Anawapempha ndi thumba la mpunga, anakana. Iwe wagawira ana amamina m'mawa umodzi, kuti akhoze mayeso." Anasonkhezera moto ndi ndodo. "Ngodya ukafunse kusukulu kwanu."

Sabata yomweyo anasamukira kwa mwana wawo wamwamuna, Iotebwa, kumudzi wa kumapeto kwa chilumba. Sanagwirenso tsamba la kaina. Akazi a Iotebwa akamaluka, iwo ankatembenukira kunyanja.

Tiebane anapepesa m'njira zonse zimene timapepesera. Anatuma amalume. Anatuma abusa. Loweruka lililonse ankapalasa njinga ulendo wa maola awiri, atanyamula nsomba zamchere, fodya ndi botolo la uchi wa kokonati. Akanamuthamangitsa kapena kumutukwana, bwenzi zili bwino, poti mkwiyo umatha. Koma Nei Baurina ankamulandira mwaulemu ngati mlendo wa boma.

"Mwabwera, aphunzitsi? Khalani apa. Iotebwa, apatse madzi aphunzitsi. Ana akukhoza kusukulu?"

"Amayi, ndine Tiebane."

"Tikudziwa, aphunzitsi. Mvula kwanuko yagwa?"

Ankakamba za mvula, za nkhumba, za amene wamwalira. Dzuwa likapendeka ankamuthokoza chifukwa cha nsomba. Tiebane ankabwerera akulira pa njinga, mpaka anadziwa pamtima maenje onse a mumsewu umenewo, poti maso sankaona. Zaka zisanu ndi zinayi zinatha chotero.

Mkeka umodzi wokha wa Njira ya Nkhanu unapulumuka pa moto uja: umene Nei Baurina anamulukira Tiebane pa ukwati wake. Unali wopindidwa pa mitanda ya denga, sunagonedwepo. Mwamuna wake, Tokanikai, ankagwira ntchito m'sitima za kunja, ndipo akabwera kutchuthi zinkamupweteka kuona mkazi wake akutha thupi.

"Koma iwe, mkeka si uwu uli pamwambapa?" anatero tsiku lina. "Ngodya zinayi zathunthu. Masula imodzi, uwerenge, pofika madzulo wadziwa. Si ndiwe wamasamu? Ine injini yoti sindinaionepo ndimaimasula n'kuibwezera."

"Amayi anga si injini."

"Ndikunena mkeka."

"Ndikudziwa kuti ndikhoza kuwerenga, bambo a ana. Ndikhoza ngakhale lero. Koma ndikatero ndiye kuti ndaba kachiwiri. Ndikufuna andiitane, anditsitsire nsalu ija ine ndili m'kati."

Tokanikai anapukusa mutu napita kukakonza ukonde. Anali munthu wabwino, koma kwawo luso lawo linali la nyenyezi, ndipo bambo ake anali atamupatsa kale lonse.

Lachinayi lina m'mawa, ana ali pamchenga akuyeza ngodya ndi mikono yawo, kunamveka njinga yamoto. Anali Iotebwa. Sanazimitse n'komwe.

"Achemwali, akuti mubwere. Akuti mubwere ndi masamba."

Tiebane anakhala pansi pomwepo, pamchenga wonyowa. Mawu amene anawadikira zaka zisanu ndi zinayi anali atafika, ndipo ankadziwa bwino tanthauzo lake lina. Chimwemwe ndi mantha zinamufikira nthawi imodzi. Anasiyira ana mphunzitsi mnzake, nathamangira kunyumba kukatenga mtolo wa masamba amene ankaukonza chaka ndi chaka, n'kumautaya ukakalamba.

Mayi akewo anawapeza atatsamira pilo, atatha ngati kamwana. Matenda a shuga anali atawadya miyendo ndi maso. Anamva mapazi ake natukula mutu.

"Ndani? Ndi manja a choko aja?"

"Ndine, amayi."

"Wachedwa. Umayenda ngati kamba. Tsitsa nsaluyo. Iotebwa, choka, kadyetse nkhumba."

Tiebane anatsitsa nsalu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anali m'kati. Analuka pakati pa kamkeka mwachangu, mayi ake akupapasa ndi zala n'kumadandaula kuti wathina kwambiri. Analuka m'mphepete. Atafika pangodya anapereka.

Nei Baurina anagwira masamba. Anapinda lakuda, nalilowetsa pansi, napinda loyera. Anaima. Anamasula nayambanso. Anapinda loyera, kenako lakuda. Anapapasa, napeza njira yaduka.

"Masamba awa ngoipa. Wawadula kuti? Ku mtengo wa kuchimbudzi?"

"Ndi abwino, amayi. Yesaninso, palibe chothamangira."

Anayesa kachitatu, kachinayi. Ngodya inatuluka ngati ya Kamoia ija. Zala zinkayenda pamwamba pa masamba, kufunafuna, ngati munthu wofuna khomo m'nyumba ya eni. Luso limeneli silinakhalepo m'mawu kapena papepala. Linkakhala m'zala, ndipo zalazo anazimana ntchito zaka zisanu ndi zinayi pofuna kulanga mwana. Anaika kamkekako pamiyendo.

"Tiebane," anatero ndi mawu aang'ono. "Yachoka."

Tiebane anali asanaonepo mayi ake akulira, ngakhale pa maliro a bambo ake. Tsiku limenelo anawaona, ndipo sanadziwe poyang'ana.

M'mawa mwake Nei Baurina anadzuka ndi mphamvu zina. Anatuma Iotebwa kukatenga mkeka wa ukwati uja.

"Ndikaigwira m'kati ndikumbuka," anatero. "Iwe uzitsegula, ine ndizipapasa. Si umati ndiwe wowerenga? Lero tione."

Koma mkekawo unali utakhala padenga zaka pafupifupi makumi awiri, ukumwa utsi ndi mphepo yamchere. Kunja unkaoneka wabwinobwino. Tiebane atangolowetsa mpeni pa ngodya yoyamba, masamba ananyenyeka, n'kutsala fumbi m'manja. Pa yachiwiri anagwiritsa singano, akupuma pang'onopang'ono. Anaona mapindidwe awiri, lakuda likudutsa pansi pa oyera awiri, kenako zonse zinathetheka. Ngodya yachitatu anayamba waidzoza mafuta a kokonati, nadikira mpaka dzuwa litafika pamutu. Inatseguka bwino. Anaona mapindidwe atatu, anayi, akuwerenga chamumtima.

"Ndipatse! Ndipatse, yabwera!" anakuwa Nei Baurina, natambasula dzanja. Dzanjalo linagwira mwamphamvu, ndipo ngodyayo inang'ambika n'kutsalira m'zala zawo.

Anakhala onse awiri akuyang'ana pansi. Panja nkhumba zinkalira, ana a Iotebwa akuthamangitsana.

"Yatsala imodzi, amayi," anatero Tiebane. "Tsopano ndadziwa kachitidwe kake. Ndiikulunga m'nsalu yonyowa mpaka mawa, ifewe bwino. Ndiitsegula ndekha pang'onopang'ono, ndijambule papepala pindo lililonse. Siilephereka."

Nei Baurina anapapasa mkeka mpaka anaipeza ngodya yachinayi, naikapo chikhatho chonse.

"Iyi usaikhudze."

"Amayi..."

"Ndati usaikhudze. Wamva? Papepala! Amayi anga sanandipatse pepala. Anagwira zala zanga ndi zala zawo. Iwenso ndikupatsa choncho, usakatole m'fumbi ngati wakuba. Inabwera pompano, ndinaimva m'chala ichi. Ndikagona ibweranso. Mawa."

"Chabwino, amayi. Mawa."

"Lonjeza."

"Ndalonjeza."

"Basi. Tsono tabwera undipese tsitsi, iwe manja a choko. Mlamu wakoyu amandizula ngati akusosola nkhuku."

Tiebane anakhala kumbuyo kwawo, nawatsamiritsa pachifuwa pake, nawapesa mpaka dzuwa linapendeka. Tsitsi linali litatsala lochepa, loyera lonse. Nei Baurina anamufunsa za ana ake mmodzimmodzi, mayina ndi makalasi, zinthu zimene sanafunsepo zaka zonsezo. Anafunsanso ngati n'zoona kuti ana a kusukulu anamvadi masamu tsiku lija.

"Anamva, amayi. Onse."

"Hm. Nanga akanalephera bwanji? Maluko ake ndi abwino."

Loweruka m'mawa, amuna akuimba m'mitengo ya kokonati potsitsa mabotolo awo okingira madzi otsekemera a mitengoyo, Nei Baurina anamwa tiyi theka la kapu, napempha masamba awiri, loyera ndi lakuda. Anati akufuna aziseweretsa kuti zala zidzuke. Tiebane anapita kuchitsime kukatunga madzi owasambitsa. Pobwera anawapeza atatseka maso, masamba awiri aja ali m'manja, opingasa, osapindidwa.

Woyamba kufika pa maliro anali Nei Kamoia, atagwira ndodo, atanyamula mafuta ndi maluwa. Anthu anayang'anana, koma iye sanasamale. Anasambitsa mnzake, namudzoza, akumutukwana pansipansi kuti wamusiyira ndani wokangana naye. Itafika nthawi yokulunga thupi, amayi anayamba kunong'onezana. Mmisiri ngati ameneyu sangapite mu mkeka wa munthu wina, ndipo wa manja ake unatsala umodzi wokha. Tiebane anautulutsa nauyala.

Kamoia anaona ngodya zitatu zong'ambika ndi imodzi yathunthu. Anali woluka, sanafunikire kuuzidwa. Anathamangitsa amayi ena onse kuti akathandize kuphika, natsitsa nsalu. Kenako anasolola kampeni kake kong'ambira masamba, nakaika m'dzanja la Tiebane.

"Dula, mwanawe. Kachidutswa kofanana ndi chikhatho basi. Tipindira m'kati, palibe aone. Ine ndiyang'ana kumbali."

"Anati ndisaikhudze."

"Anati chiyani?"

"Anati andipatsa okha. Anati mawa."

"Mawa lake ndi limeneli, ukuliona. Tamvera, ine ndinaseka tsiku lija, ndipo chiseko chimenecho chandiwawa zaka zonsezi. Ndinkafuna ndimupose kamodzi kokha, sindinkafuna awotche mikeka. Chikalowa m'manda chinthu ichi, ndiye kuti tachipha atatu: iwe, ine ndi wouma mutu wagona apayu. Dula, ndakupempha."

Kamoia anatembenukadi, nayang'ana kunsalu. Tiebane anagwada nagwira ngodyayo. Inali yosalala, yolimba, mzere wakuda ukukhota bwinobwino ngati waluka dzulo. Ankadziwa kuti Kamoia akunena zoona. Ankadziwa kuti ndi nsalu yonyowa ndi singano, pofika Lolemba akanakhala atadziwa zonse, ndipo mwana wake wamkazi akanadzalandira. Anaika mpeni pa tsamba loyamba. Anayang'ana dzanja la mayi ake, zala zija zimene dzulo lake zinaphimba malo omwewo.

Anabweza mpeni.

"Ndinatengapo kamodzi chimene sanandipatse, amayi Kamoia. Mwaona kumene chinatifikitsa."

Anakulunga thupi awiriwiri. Ngodya zitatu zong'ambika anazipindira pansi. Yachinayi Tiebane anailowetsa m'kati, naiika m'dzanja lamanja la mayi ake, nafumbatitsa zala.

Pachilumba pano nkhaniyi anthu amaikambabe, ndipo ambiri amati anapusa. Nayenso Tokanikai nkhope yake imanena zomwezo. Ine ndimati ukawafunsa onenawo kuti iwo akanatani atagwira mpeniwo, amayamba kukamba za mvula. Chimene ndikudziwa n'chakuti Tiebane sanachirebe. Manda ali pakhomo pa Iotebwa, okutidwa ndi timiyala toyera ta kunyanja, ndipo Loweruka lililonse njinga ija imadutsabe, ngakhale mawondo ayamba kukana.

Njira ya Nkhanu tsopano ili m'nyumba iliyonse ya pa Onotoa, choncho palibenso chobisa. Chaka chilichonse, ukafika mutu uja wa zinthu zotembenuza, Tiebane amabwera ndi mtolo wa masamba n'kukhazika ana pansi pa mtengo womwe uja. Atatu pamwamba, awiri pansi, limodzi pamwamba, bwererani. Ana amatembenuza timikeka tawo n'kukuwa, monga anakuwira makolo awo. Akafika pangodya amawauza kuti apeze okha njira yokhotera mzere usaduke, awiriawiri, ndipo amawapatsa masiku atatu. Iye mwini sagwira tsamba pamenepo. Amaika manja kumbuyo n'kumazungulira. Pa zaka zimenezi ana apeza njira zisanu zosiyana, ndipo zonse zimakhota bwino. Mwina ina mwa izo ndi ya Nei Baurina. Mwina palibe. Palibe munthu wamoyo amene anganene.

Chaka chino kamtsikana kena kapakamwa, mdzukulutuvi wa Kamoia yemwe uja, kanayala njira zisanuzo pamchenga n'kuima katagwira m'chiuno.

"Aphunzitsi, zonsezi zikutheka. Koma yeniyeni ndi iti?"

"Zonse zikukhota, si choncho? Mzere waduka?"

"Sunaduke. Koma inuyo munaphunzitsidwa iti?"

Tiebane anayang'ana timikeka tija.

"Ine sindinafike pamenepo," anatero. "Aphunzitsi anga anati mawa."